Timavu ta m'botolo la Amayi

Amayi anabwera ku Perth mwezi wa Novembala, ine ndili wotopa, masiku anga atatsala pang'ono kukwana. Kwathu ku Mitundu mwana wamkazi sachira yekha pa mimba yoyamba, ndipo iwo anati kutalika kwa ulendo si chifukwa choti munthu angauze anzake pamudzi. Ndege anali asanaikwerepo. Pabwalo la ndege anachita monga ndinawalangizira pafoni kambirimbiri: anatsegula okha chikwama, n'kuonetsa mfutso, usipa ndi mtedza, ndipo eni dziko anatenga zimene lamulo lawo limakana. Anatulukira pakhomo atamanga chitenje chawo chobiriwira m'chiuno, nkhope ili ndwii. Asanandifunse n'komwe za mimba, anandiuza kuti dziko lolanda nkhalamba ndiwo ndi dziko lopanda akuluakulu.

Ine ntchito yanga ndi ya tizilombo. Kumudzi amaseka mpaka lero, amati mwana wa mayi uja anawoloka nyanja kukawerenga miyendo ya ntchentche, ndipo sanama kwenikweni. Ndimagwira mu labu ya payunivesite ku Bentley, komwe alimi ndi alangizi amatumiza tizilombo timene apeza m'minda kuti tiwauze mayina ake. Timakhala ku Rockingham m'nyumba ya lendi, kuseri kwake kuli kabwalo ka mchenga wokhawokha. Bambo a mwana ndi nesi, nthawi imeneyo ankagwira ku Fremantle. Chifukwa cha ntchito yangayo, malamulo a kuno oletsa kulowetsa mbewu ndi zomera ndinkawadziwa ngati katekisimu, ndipo ndinkawalalikira kwa aliyense wochokera kumudzi, kaya wafunsa kaya sanafunse.

Amayi atangopumula ulendo anayamba kuzungulira nyumba ngati munthu wotaya singano. Anasuzumira kuseri, anavundukula bini, anagwada pa chowotchera nyama chimene chinali pakhonde.

"Kodi iwe, phulusa mumataya kuti?"

"Phulusa lanji, Amayi? Timaphikira magetsi."

"Nanga ichi cha nyamachi?"

"N'cha gasi."

"Ndiye mudzi wonse uno, nyumba zonsezi, palibe ndi mmodzi yemwe ali ndi phulusa?"

Ndinaseka mpaka mwana anandiponda m'mimba. Ndinaganiza kuti akufuna chidulo chophikira therere, choncho mawa lake ndinawagulira soda. Anamulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kumuika pashelefu, ndipo sanamukhudzenso. Tsiku lina ndinawamva akufunsa mkamwini wawo chapansipansi ngati angatole tinkhuni pansi pa bulugama wa kumsewu kuti asonkhe kamoto kuseri. Bambo a mwana anawayankha atawerama, manja ali kumbuyo.

"Pepani amayi, nyengo ino kuno kuli faya bani, moto wa panja ngoletsedwa. Mukangoyatsa panja, aneba aimba foni, abwera ozimitsa moto ndi apolisi omwe."

Amayi anangoti, "Chabwino bambo," n'kulowa m'nyumba.

Itatha ya phulusa, inayamba ya mvula. M'mawa uliwonse ankatuluka kukayang'ana kumwamba, dzanja lili pachipumi. Kwathu Novembala akamatha anthu amakhala ali pakalikiliki wobzala, koma kuno kumwamba kunali mbee, dzuwa likuswa mtengo, ndipo Disembala anadutsa chimodzimodzi. Ndinawafotokozera kuti mvula ya kuno imagwa nthawi yachisanu, cha mu Meyi kapena Juni. Anandiyang'ana ngati ndikuwapusitsa.

"Ndiye imagwera yani? Ndi mbewu yanji imamera pachisanu?"

"Tirigu, Amayi."

"Tirigu," anatero, ngati akutchula dzina la munthu amene anawabera nkhuku.

Komabe anatenga fosholo ya mkamwini wawo n'kuunga mizere mumchenga muja. Madzulo aliwonse mphepo yochokera kunyanja inkaifafaniza, m'mawa iwo n'kuiunganso. Ndinawauza kuti ngati akufuna kubzala kanthu tikhoza kumathirira ndi paipi. Anati zothirira ndi za kudimba, mbewu ya kumunda imadikira mvula, ukaiyambitsa ndi madzi a pampopi imakula yopusa. Ndinapita nawo kushopu ya mbewu, anatembenuza timapaketi tija uku ndi uku n'kutibwezera pamalo pake, amvekere mbewu yofunika kuijambula chithunzi kuti anthu aidziwe si mbewu. Ine ndinati ndi ukalamba chabe, munthu wozolowera khasu manja akumuyabwa. Sindinafunse kuti mizereyo akuungira chiyani.

Mwana anabadwa wamkazi, ndipo miyezi imeneyo ndi imene ndimaisowa kuposa ina yonse ya moyo wanga. Amayi ankamusambitsa m'beseni pansi, atatambalitsa miyendo, kukana bafa la pulasitiki limene tinagula lokhala ndi miyendo yakeyake. Ankandithowa msana ndi madzi otentha uku akundikalipira kuti ndikudya ngati mbalame. Masana ankakhala pakhonde mwana ali kumbuyo, atamubereka ndi chitenje chobiriwira chija, akuyankhana ndi akhwangwala a kuno, akuda bii opanda kolala, amene amalira modandaula tsiku lonse. Tinkakangana tsiku lililonse, za chipewa cha mwana, za kutsegula mawindo, za mchere wa m'ndiwo. Ndinkadziwa kuti mlendo ndi mame, koma ndinkakangana nawo ngati adzakhala nafe mpaka kalekale.

Anabwerera kumudzi kumayambiriro kwa Malichi, dontho ndi limodzi lomwe asanalione. Kuyambira pamenepo foni iliyonse inkayamba chimodzimodzi. Asanafunse za mdzukulu ankati, "Yagwa?" Ndikati ayi, ankati, "Ikagwa undiuze msanga, ndili nawe mawu." Ndikawakakamiza kuti anene mawuwo pomwepo ankaseka, n'kuti, "Iwe pakamwa pako ndimapadziwa. Idikire igwe." Ine ndinkati ndi macheza a alimi amenewo, n'kusintha nkhani.

Anamwalira mwadzidzidzi, mvula ya kuno isanayambe. Anagwa akuchokera kumunda, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atapita kale. Kwathu maliro sadikira ndege. Ndinafika ndi mwana kumbuyo n'kupeza mtumbira, nkhata zitayamba kufota. Achibale anagawana zovala monga mwa mwambo, ndipo azakhali anandiitana kuti ndisankhe zanga. Ndinakana. Mtima unali utauma, ndinati zovala si munthu. Ndili mundege pobwerera m'pamene ndinazindikira kuti ndikupita chimanjamanja, ndilibe kanthu kalikonse ka mayi wanga.

Mvula inayamba nditabwerera, pamodzi ndi chisanu chake. Loweruka lina m'mawa, ikugwa, ndinakwera pampando m'chipinda chimene ankagona Amayi kuti nditsitse mabulangete pamwamba pa wadiropu. Kuseri kwa mabulangetewo dzanja langa linagunda botolo. Linali botolo la jamu lopanda chotsekera chake, kukamwa kwake atavundikira ndi kansalu n'kumanga zolimba ndi ulusi. Kansaluko ndinakadziwa ndisanatsike n'komwe pampando. Kanali kona ya chitenje chobiriwira chija, makwinya a mfundo akuonekabe.

M'botolomo munali khobwe wodzaza dzanja limodzi. Sanali wa m'shopu ayi. Anali wathu uja wamng'onomng'ono, wofiirira, wamawangamawanga, amene Amayi analandira kwa amayi awo pokwatiwa, ndipo sanagulepo wina moyo wawo wonse. Pabanja pathu mwana wamkazi akakhazikika kwake, amake amamupatsa mbewu ya pakhomo kuti akayambire munda. Ine ndinakwatiwa ndili m'tauni, kenako ndege, ndipo mwambowo unandidumpha. Iwo sanaiwale. Anamanga mbewuyo pamfundo ya chitenje, pamene mayi wa kumudzi amasunga zake zenizeni, n'kuyenda nayo m'chiuno ulendo wonse. Kaya ankaona ngati za pamfundo si katundu wofunika kuonetsa, kaya ankadziwa bwino lomwe chimene akuchita, ndilibenso powafunsira.

Ndinakhala pansi pomwepo. Phulusa lija linali la khobweyu. Kwathu mbewu ya khobwe amaisakaniza ndi phulusa losefa n'kuisunga mumtsuko, kuti anankafumbwe asapeze poyenda. Mayi wanga anazungulira nyumba yonse kufuna phulusa losungira mbewu yanga, ine n'kuwagulira soda. Ndinalira kulira kumene kunandikanika pamtumbira paja, mwana ali pabedi akundiyang'ana, akuyamwa chala.

Koma diso la ntchito silidziwa maliro. Ndikupukuta misozi ndinaona kuti m'botolomo muli zoyenda. Pansi panali ufa wa khobwe wofumbwa, njere zambiri zili ndi timabowo, anankafumbwe akufa ambiri ndi amoyo ochepa. Zimenezo sizinandidabwitse, anachokera nawo kumudzi akadali mphutsi m'kati mwa njere. Chimene chinandiimitsa mutu ndi tina takuda, tating'ono kuposa njere ya chitowe, timene tinkathamanga pagalasi tikugwedeza tinyanga. Ndinatenga kagalasi kanga kokuzira zinthu m'chikwama cha kuntchito. Anali mavu.

Munthu akamva mavu amaganiza za aja omanga zisa pakhonde, oluma ana. Awa ndi ena, saluma munthu, ndipo anthu ambiri amakalamba osawaonapo. Kamavu kakakazi kamayenda panjere kakugogoda ndi tinyanga take mpaka katamva kuti m'katimo muli mphutsi ya nankafumbwe. Kakatero kamabaya khungu la njereyo n'kuikira dzira pamphutsipo. Mwana wake akaswa amadya mphutsi ija, ndipo pabowo pamene pakanatuluka nankafumbwe pamatuluka kamavu. Ndiye kuti miyezi yonse ija, kuseri kwa mabulangete, timavuti tinkagwira ntchito imene phulusa likanagwira. Pakanapanda timeneti khobwe yense akanasanduka ufa. Nditapendeketsa botolo pawindo ndinaona njere zathunthu, zosalala, zopanda bowo, zokwanira mzere umodzi wa mizere ya Amayi ija.

Bambo a mwana atabwera ku shifiti ndinawaonetsa. Anakhala pamphepete pa bedi ali chivalire yunifolomu, n'kuulula kuti botololo anapereka ndi iwo. Apongozi awo anapempha botolo lopanda kanthu, ndipo mkamwini safunsa kuti n'lachiyani.

"Ndiye vuto lili pati, mayi a mwana? Sankhani njere zabwinozo, zotsalazo tiponye mufiriji zife ndi kuzizira. Kukayamba kufunda mubzale. Adziwe ndani? Landilodi amabwera kudzaona makoma, sabwera kudzaona khobwe."

"Ine ndidziwa."

"Inu mudziwa, inde. Komatu izi n'za amayi anu. Mwana uyu adzadya chitambe cha agogo ake. Anawalanda kale mfutso, nanunso mukufuna muwalande mbewu?"

Mawu amenewo anandibaya, chifukwa ndi omwewo amene mtima wanga unkanena. Ndinaika botololo m'jumbo, n'kumanga, n'kulitsekera m'kontena. Kenako ndinatuluka kuseri mvula ikuwaza, n'kuima pamene panali mizere paja. Mchenga unali utasalala ngati sipanadutsepo fosholo. Koma mzerewo ndinkauona, khobwe akuyanga pampanda wa malata, ine ndikuthyola chitambe madzulo, ndikusunga mbewu chaka ndi chaka mpaka mwana wanga atakula, ndidzamumangire yake pamfundo. Sindinafunepo chinthu m'dziko lino ngati mmene ndinafunira mzere umenewo.

Ndikanangomvera bambo a mwana, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Lolemba lake linali tsiku langa lobwerera kuntchito tchuthi cha uchembere chitatha, ndipo munthu wa ntchito yathu sangaone kachilombo kosadziwa dzina lake n'kukhala mtima uli m'malo. Ndinayamwa timavu tingapo ndi kapaipi, botolo lili m'kati mwa jumbo kuti pasathawe kanthu, n'kutimiza m'kabotolo ka sipiriti. Ndinakwera sitima, kenako basi ya ku Bentley, kabotolo kali m'thumba la jekete, ndikudziuza kuti ndikungofuna kudziwa dzina basi.

Pansi pa maikulosikopu kakuda kaja kanasanduka kobiriwira monyezimira ngati khosi la nkhunda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudziwa mavu otere n'chimodzimodzi. Umawerenga mfundo za nyanga, umayeza mitsempha ya phiko, umayang'ana timadontho ta pamsana, buku likukufunsa funso limodzilimodzi mpaka litakufikitsa pa dzina. Buku linandifikitsa pa banja lake, koma mitundu yonse ya banjalo yodziwika kuno inakana. Ndinatsegula madirowa a mavu osungidwa, ndinayerekeza, ndinabwerezanso kuchokera poyamba. Panalibe kofanana nako.

Mkulu wa labu yathu ndi mayi wachizungu wa imvi, amene wacheza ndi mavu nthawi yambiri kuposa imene wacheza ndi anthu, ndipo salankhula zambiri. Ndinawaitana. Anakhala pampando wanga, n'kutembenuza kamavuko ndi kasingano. Kenako anati akuganiza kuti ndi mtundu wina wodziwika ku Africa, umene sunalembedwepo m'dziko lino. Anati tichotsa mwendo umodzi kuti akaupime DNA, ndipo zithunzi titumiza kwa katswiri wina wa ku Ulaya. Maso awo anali akuwala, mayi amene sindinawaonepo akusangalala ndi chilichonse kupatula tiyi. Ndiyeno anafunsa funso limene ndinkadziwa kuti likubwera, chifukwa ndi limene ine ndimafunsa alimi tsiku ndi tsiku.

"Mwakapeza kuti, ndipo kanali pa chiyani?"

Bodza linali kale pamlomo: pawindo la kukhitchini. Ndikanangotero, khobwe wanga akanapulumuka. Koma pantchito yathu malo ndiye nkhani yonse. Zikanalembedwa kuti mavu amenewa akuuluka mwaufulu ku Rockingham, anthu akanayamba kusaka m'minda ya eni chinthu chimene kulibe, ndipo ana asukulu akanamakopera bodza langalo ine nditafa kale. Komanso chifukwa cha lamulo lija ndinkachidziwa, osati m'buku mokha. Ndinkakumbukira chaka chimene ntchemberezandonda zachilendo zinafika kwathu, Amayi akuyenda phando ndi phando kuthira dothi m'mitima ya chimanga, akutukwana munthu wosamudziwa amene anazibweretsa. Timavuti mwina sitikanalakwira munthu. Koma njere imatha kukhala yosalala kunja ili ndi matenda m'kati, ndipo ine ndinalibe njira yolumbirira kuti zathuzi zilibe.

"Ndikuyankhani mawa," ndinatero.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ndinafuna dzina la kamavu, ndipo dzinalo linabwera ndi matope ake. Madzulo amenewo ndinatulutsa botolo lija n'kuliika patebulo, ndipo ndinawakalipira Amayi mokweza ngati aima pakhomo. Ndinawafunsa kuti anandibisira chifukwa chiyani, anandisiyira mtolo wotere chifukwa chiyani, anafa chifukwa chiyani mvula isanagwe. Mkwiyo utatsika yankho ndinali nalo ndekha. Akanandionetsa mu Novembala muja ndikanawalalikira mpaka dzuwa kulowa, mbewu n'kuipereka kuboma tsiku lomwelo. Ankadikira mvula kuti adzandiuze ali kutali, mizere ili kale, ine ndilibe womukalipira. Pakamwa panga ankapadziwadi.

M'mawa mwake ndinanyamula kontena yonse. Bambo a mwana anandiona ndikuiika m'chikwama, anangopukusa mutu, n'kutenga mwana kukamusintha thewera. Musitima ndinaifungatira pamiyendo ulendo wonse, ndipo ndikuvomera kuti pa siteshoni iliyonse ndinkaganiza zotsika.

Mayi wa imvi uja anamvetsera nkhani yonse osandidula, ya chitenje, ya phulusa, ya mizere. Nditamaliza anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene anadetsedwera. Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti njere zathunthu zija zisiyidwe, kaya aziumitse ndi kuzizira, kaya azipime, kaya azisunge chaka chathunthu, bola tsiku lina zidzabwerere. Anati mphamvu imeneyo alibe koma afunsa kwa a boma a zoteteza mbewu, ndipo anafunsadi ine ndili pomwepo. Yankho linali lakuti mbewu yolowa njira imeneyi siibwerera.

A zoteteza mbewuwo anabwera kunyumba sabata yomweyo, anthu aulemu, ovula nsapato pakhomo. Anayang'ana pamwamba pa wadiropu, anatsegula mpunga ndi nyemba zathu za m'kabati, anapachika timisampha tomata kuseri ndi kwa aneba. Patapita nthawi anabwera kudzatichotsa, ndipo munalibe kamavu ndi kamodzi komwe. Kansalu ka Amayi kanali katagwira ntchito yake. Sanandiimbe mlandu, anandithokoza kumene, ndipo kuthokozako kunandipweteka kuposa mmene kukalipa kukanandipwetekera. Ndinafunsa mmodzi wa iwo kuti khobweyo amutani. Anati amuwotcha.

"Ndiye mungandipatseko phulusa lake?"

Anandiyang'ana, anayang'ana mnzake. Kenako anafotokoza modekha kuti zinthu zotere amaziwotchera pamodzi ndi zina zambiri, ndipo palibe njira yodziwira phulusa la ichi ndi la icho. Anapepesa. Kansalu kokha ndi kamene anandibwezera, atakasunga m'malo ozizira kwambiri mpaka atakhutira kuti mulibe chamoyo.

Kunyumba tinakhala masiku angapo tikulankhulana za matewera ndi mashifiti okhaokha. Kutchalitchi nkhani inafika ndisanaifikitse, monga zimakhalira pakati pa a Malawi a kuno. Mayi wina wamvano anandikokera pambali tikumwa tiyi, nati, "Asisi, inu sukulu inakupwetekani. Munthu kudziitanira yekha boma m'nyumba? Mukanandipatsa ine, bwenzi pano tonse tikudya chitambe." Ndinamuyankha mwaukali, koma pobwerera m'galimoto ndinalira, chifukwa mbali ina ya mtima wanga inkagwirizana naye, ndipo mpaka lero ikadagwirizanabe.

Zotsatira zinabwera nyengo yofunda itayamba, nthawi yomwe ndikanakhala ndikubzala. DNA ndi katswiri wa ku Ulaya ananena chimodzi: unalidi mtundu uja, ndipo aka kanali koyamba kupezeka m'dziko lino. Tinalemba kankhani kakafupi ka akatswiri, konena zoona zokhazokha, kuti mavuwa anapezeka m'nyumba, m'khobwe wochokera ku Malawi, ndipo panja sanapezeke. Chotsala chinali kukonza timavuto kuti tisungidwe. Kamavu kotere sungakabaye ndi phini, kangaphwanyike. Umakamata pansonga ya kapepala kolimba, phini n'kubaya kapepalako, ndipo m'munsi mwake umabayanso kena kolembedwa ndi zilembo zazing'ono kwambiri: malo, tsiku, chimene kanali kudya, ndi dzina la amene anakatola. Mkulu wa labu anali atalemba kale dzina langa pakompyuta.

Ndinati ayi. Ndinati ine sindinatole kanthu, ndinangofuna bulangete. Amene anatola khobweyu m'munda ku Mitundu, n'kumunyamula m'chiuno, n'kumusunga motseka bwino mpaka timavuti tinapezeka tamoyo, ndi mayi wanga. Ndinkayembekeza mkangano, ndipo ndinali nditaukonzekera, koma mayiwo anangofufuta dzina langa n'kundipempha kuti nditchule la Amayi chilembo ndi chilembo. Ndinatchula. Amayi sanapite kusukulu, moyo wawo wonse ankadinda chala. Kupatula pa pasipoti ndi mapepala a ulendo, aka kanali koyamba ine kuona dzina lawo lonse litasindikizidwa ndi makina, ndipo linali laling'ono moti pofuna kuliwerenga ndinatenga kagalasi kaja.

Masiku ano kuseri kwa nyumba ndimabzala khobwe wa m'paketi, wa chithunzi uja, ndipo ndimamuthirira ndi paipi. Amakula, amayanga, chitambe chake timadya. Mwana wanga ndikamufunsa m'Chichewa ngati chakoma amandiyankha m'Chingerezi kuti chakoma, ndipo sadziwa kuti chimene anayenera kudya n'china. Kwathu khobwe uja sindikudziwa ngati alipo amene akumusungabe. Munda wa Amayi anaubzala soya, ndipo nditafunsa pafoni za mtsuko wa mbewu, mlamu wanga anati anaupeza wopanda kanthu. Kansalu kobiriwira kali m'dirowa yanga ya zovala, makwinya a mfundo sindinawasite.

Timavu tija tili m'chipinda chosungira tizilombo, chozizira, chonunkha mankhwala a njenjete, m'dirowa imodzi mwa madirowa ambirimbiri. Sindipitako kawirikawiri. Koma chaka chilichonse pamabwera tsiku limene kumwamba kumada chakunyanja, madontho oyamba n'kuyamba kumenya mawindo a labu, azungu anzanga n'kuyamba kudandaula za zochapa zimene asiya pachingwe. Ine ndimasiya zimene ndikuchita, ndimatenga kiyi, ndimakoka dirowa ija n'kupeza phini wa dzina lawo. Ndimayang'ana kaye ngati m'chipindamo muli munthu. Kenako ndimawerama pagalasi n'kuwauza.

"Amayi, yagwa."